Khoka Linapita ndi Mavoti

Chakumayambiriro kwa 2014, mtundu wa olenji unkaoneka paliponse pa doko la Kachulu. Unali pa zitenje za amayi oyanika matemba, pa zipewa za anyamata a kabaza ochokera ku Jali, ngakhale pa nsanza zotsekera ming'alu ya mabwato. Zinali zomveka. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Mayi Joyce Banda a People's Party, kwawo ndi kwa Malemia ku Domasi, ndipo mtsinje wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa yomweyi. Kwa anthu ambiri a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, amene ankalamula dziko anali mwana wa pakhomo. Zitenje za buluu za DPP ndi zachikasu za UDF zinalipo ndithu, koma munthu amene mtima wake wakhazikika kale pa mtundu umodzi, mitundu inayo saiona.

Bambo amene ndikufuna kukusimbirani nkhani yake sindimutchula dzina, chifukwa akadali moyo ndipo ana ake ndi akuluakulu tsopano. Anali msodzi wodziwika. Anali ndi boti la matabwa, khoka la matemba, ndi anyamata omukokera khokalo amene ankawalipira mosawazunguza. Sanali chidakwa, ndiponso sanali chitsiru. Ndikunena izi poyambirira kuti wina asamve nkhaniyi n'kumati zoterezi zimagwera anthu opanda nzeru okha.

Chikondi chake pa Amayi chinali ndi maziko. Ankakumbukira bwino chaka cha 2011 ndi miyezi yoyambirira ya 2012, pomwe mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno. Magalimoto a ogula nsomba ochokera ku Zomba ndi ku Limbe ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo msodzi akakhala ndi nsomba zambiri koma ogula ochepa, mtengo amatchula ndi wogula. Makumba aawisi sayembekeza mawa. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, Amayi n'kulumbira pa 7 Epulo, sipanatenge nthawi yaitali mafuta anayamba kupezeka, magalimoto n'kuyambanso kutsikira kunyanja. Iye zimenezi anaziona ndi maso ake ndipo anazimva m'thumba mwake. Atamusankha kukhala m'komiti ya chipani ya m'dera lake, anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Zitenje zikabwera, zinkafikira pakhonde pake.

Koma anali mkamwini. Nyumba yake inali pa dothi la kwa akazi ake, ndipo mwinimbumba anali mlongo wa mkaziyo, mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala. Mlamu wakeyo anali munthu wosalankhulalankhula. Nayenso anali ndi zifukwa zake, zosiyana ndi za msodzi. Mu Meyi 2012 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha, ndipo feteleza, sopo, mchere ndi parafini zinakwera mtengo mwadzidzidzi. Mu Sepitembala 2013, mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa ku Lilongwe, inatumphuka nkhani ya Cashgate, yakuti ndalama zankhaninkhani za boma zinkatuluka ku Capital Hill popanda ntchito yogwirika. Mlimiyo ankamva zimenezi pa wailesi akupalira mpunga, n'kumakumbukira makuponi a feteleza otsika mtengo amene Bingu anayambitsa mu 2005. Chitenje cha olenji chimene mlamu wake anabweretsa anachilandira ndi manja awiri, n'kupatsa mkazi wake. Za kumene voti yake ipite sanauze munthu.

Madzulo ena, kutatsala masabata ochepa kuti tsiku lovota lifike, anthu atakhala pa doko kudikira maboti ochokera ku chilumba cha Chisi, msodzi uja anamutokosa.

"Alamu, inu mwangoti duu ngati simuli m'dziko muno. Kapena ndinu a buluu?"

"Ine ndi wa mpunga, alamu."

Anthu anaseka. Kusekako kunamulowa msodzi molakwika.

"Ngati muli ndi mtima, tibetcherane pamaso pa anthu awa. Amayi akagwa, mukatenge khoka langa. Akapambana, matumba khumi a mpunga wa chaka chino akalowe m'nyumba mwanga."

"Zisiyeni izo, alamu. Khoka ndi limene likudyetsa ana a mlongo wanga."

"Ndiye mukuopa?"

Munthu wamkulu akafunsidwa choncho pagulu, kukana kumavuta. Anagwirana chanza, mboni zili pomwepo.

Msodziyu anawerengera bwanji kuti afike polimba mtima chotere? Anawerenga zimene zinali pafupi naye. Anawerenga zitenje zimene anagawa yekha, osaganizira kuti mayi amene alibe chofunda sakana nsalu, kaya ikhale ya mtundu wanji. Anawerenga khamu la pa misonkhano, osaganizira kuti anthu omwewo, pa malole omwewo, ankapezekanso ku misonkhano ya Atupele Muluzi wa UDF ndi ya Peter Mutharika wa DPP, poti kumudzi msonkhano wa ndale ndi chisangalalo, kuli magule, kuli zoimbaimba, mwinanso kabaza apeza makasitomala. Anawerenga mawu a anyamata ake, amene sakanayerekeza kutsutsana ndi mwini boti pa nkhani imene ankaikonda chonchi. Aliyense womuzungulira anali ndi chifukwa chomuvomereza, ndipo iye anayesa kuti kuvomerezako ndiye maganizo a dziko lonse, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Chizindikiro chinalipo kwa wofuna kumva. Masiku ochepa chisankho chisanachitike, bungwe la Afrobarometer, limene kafukufuku wake kuno linkachita mogwirizana ndi Centre for Social Research ya ku Chancellor College, mu mzinda wa Zomba momwemu, linatulutsa zotsatira zosonyeza kuti mpikisano unali wothina, a Mutharika ali patsogolo pang'ono, Amayi ali pambuyo pa a Lazarus Chakwera a MCP. Nkhaniyo inamveka pa wailesi. Pa doko anthu a komiti anangoti ophunzirawo agulidwa. Palibe amene anafunsa kuti, nanga zitakhala zoona?

Tsiku lovota linali Lachiwiri, pa 20 Meyi 2014. Chinali chisankho cha patatu choyamba m'dziko muno: mtsogoleri wa dziko, phungu, ndi khansala. Makhansala anali atasankhidwa komaliza m'chaka cha 2000, ndipo kuyambira 2005 makhonsolo ankayenda opanda iwo. Msodzi uja anaponya mapepala onse atatu, koma mtima wake unali pa limodzi lokha. Mpaka lero mutamufunsa amene anapambana ukhansala m'dera lake chaka chimenecho, sangakuuzeni, chonsecho nkhani za mjigo, za zimbudzi za pa doko ndi za msewu wafumbi wopita ku Kachulu zimakambidwa ku khonsolo ya boma la Zomba, osati ku Sanjika.

Masiku khumi otsatirawo anali owawa kwa dziko lonse. Malo ena ovotera, makamaka ku Blantyre, anatsegulidwa mochedwa chifukwa zipangizo sizinafike, ndipo kwina anthu anavota tsiku lotsatira. Makina a bungwe loyendetsa zisankho la MEC otumizira zotsatira anakanika, mapepala n'kumayenda pa manja. Kunapezeka malo amene mavoti anaposa chiwerengero cha anthu olembetsa. Pa doko anthu ankaunjikana pa wailesi imodzi kumvera Zodiak ikuwerenga zotsatira zosatsimikizika, dera ndi dera, ndipo manambala a Amayi sankakwera momwe a komiti ankalonjezera. Pa 24 Meyi Amayi analengeza kuti afafaniza chisankhocho, kuti kuchitike china pasanathe masiku 90, ndipo iwo sadzaimanso. Msodzi anapuma pang'ono poganiza kuti kubetcherana kwatha pomwepo. Koma Khoti Lalikulu linaletsa chilengezocho tsiku lomwelo. MEC inafuna kuwerenganso mavoti, khoti n'kunena kuti masiku amene lamulo limapereka olengezera zotsatira sangatalikitsidwe. Usiku wa pa 30 Meyi, wapampando wa MEC, Jaji Maxon Mbendera, analengeza zotsatira misozi ikutsika. A Mutharika anapeza mavoti 36 pa 100 alionse, a Chakwera pafupifupi 28, Amayi 20, a Muluzi pafupifupi 14. Mtsogoleri amene anali pa mpando anathera pa nambala yachitatu. Ku Nyumba ya Malamulo, pa mipando 193, People's Party inapeza 26, pomwe aphungu oima paokha anaposa 50.

Kufika apa, msodziyu anali asanataye kanthu kosabwezeka. Ichi ndicho ndikufuna muchimvetse. Kudabwa ndi zotsatira si tchimo, ndipo kukaikira chisankho chimene chinayenda motsimphina chonchi sikunali misala. Chimene chinamugwetsa ndi zimene anachita m'sabata yotsatira, mtima ukadali wotentha.

Mlamu wake anabwera m'mawa mwake, yekha, osadzera pa doko. Anakhala pa mkeka, mlongo wake n'kumupatsa moni, ndipo anayamba modekha.

"Alamu, ndabwera kuti zija tiziiwale. Zinali nkhambakamwa za pa doko. Khoka lanu sindilifuna."

Munthu wina akanathokoza, n'kuuza mkazi wake aphe nkhuku. Koma msodzi uja anali asanagone usiku wonse, ndipo anyamata ena anali atadutsa pa msewu mbandakucha akuimba ndi kukuwa dzina la chipani chopambana, mwadala pafupi ndi nyumba yake. Mawu achifundowo anawamva ngati chipongwe.

"Mwabwera kudzandiseka pakhomo panga?"

"Ayi, alamu, mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndabwera ngati m'bale."

"M'bale wanji wodya nane mbale imodzi uku akundigulitsa? Mwaba mavoti, mukufuna mubenso ulemu wanga?"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka akukoka khoka lija, zoyandamitsa zake zikugundana pansi, n'kuliunjika pa mapazi a mlamu wake. Anthu anali atayamba kusonkhana. Pamaso pawo anamutchula mwinimbumba kuti wakuba, kenaka anawonjeza mawu amene kumudzi sabwezeka: anati ndi mfiti, ndipo mpunga wake umachuluka chifukwa chokawa m'minda ya anzake usiku. Mkazi wake anagwada n'kumugwira mwendo, akuti, "Abambo, chonde, awa ndi achimwene anga." Sanamve. Mlamu uja anaimirira osayankha, anaitana anyamata awiri, n'kunyamula khokalo. Pasanathe mwezi analigulitsa kwa msodzi wina wa kutsidya, poti mlimi wa mpunga khoka alibe nalo ntchito, ndipo kulisunga pakhomo kukanakhala kusunga mkangano.

Tsiku lomwelo msodzi anachotsa anyamata awiri pa boti lake powaganizira kuti anavotera a buluu. Umboni analibe, poti m'kachipinda kovotera munthu amalowa yekha. Mmodzi mwa iwo ndi amene ankadziwa bwino njira za m'njedza zotulukira kumadzi akuya. Madzulo ake anatenga chiphaso chake chovotera n'kuchiponya pa moto wowambira nsomba, akulumbira kuti sadzaimanso pa mzere moyo wake wonse.

Nkhani ya ufiti inakafika kwa mfumu. Pa bwalo, za chisankho sizinakambidwe n'komwe. Funso linali limodzi: kodi mkamwini ali ndi umboni wa zimene ananenera mwinimbumba pagulu? Analibe. Analipira mbuzi. Mfumu inamulangiza kuti apepese ndi pakamwa pake, chifukwa mbuzi silankhula. Iye anapereka mbuziyo kudzera mwa nkhoswe, n'kunyamula zofunda zake kupita kukakhala m'zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amamanga pakati pa njedza. Kumudzi ankangobwera mwa kamodzikamodzi kudzasiya ndalama. Popanda khoka anayamba kutchera matchera ndi mono, zimene phindu lake silifanana ndi la khoka la matemba ngakhale pang'ono.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Imadalira mvula ndi mitsinje ngati Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana, imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanjayi amadziwa kuti banja la msodzi limapulumuka pa zaka zotere chifukwa cha wachibale amene ali ndi munda, monganso banja la mlimi limapezera ndiwo ndi ndalama kunyanja chaka chimene mpunga wakanika. Maukwati ambiri a kuno amalumikiza nyanja ndi munda mwa njira imeneyi. Chakumapeto kwa 2018 madzi anathawanso. Pa Kachulu maboti anatsala ali gone pa matope ong'aluka, ndipo kumene kale kunkayenda mabwato anthu ankayenda pansi. Msodzi uja anatuluka m'zimbowera opanda nsomba, opanda khoka loti agulitse, ndiponso opanda nkhope yokapemphera kachigawo ka munda kwa munthu amene anamutchula mfiti. Boti lake linakhala padzuwa miyezi yambiri, matabwa n'kutseguka m'mizere. Mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019 itabweza madzi, ndalama zokonzetsera botilo analibe. Amene kale ankalemba anyamata anayamba kukoka khoka la munthu wina.

Tsopano taonani zimene anthu amene ankawamenyera nkhondowo ankachita pa zaka zomwezo. Amayi anavomereza zotsatira za 2014, anatuluka m'dziko muno, n'kubwerera mu Epulo 2018. Chaka chomwecho a Saulos Chilima, amene anaima ndi a Mutharika mu 2014, anatuluka mu DPP n'kuyambitsa UTM. Mu Malichi 2019 Amayi anasiya kupikisana nawo n'kuuza owatsatira kuti avotere a Chakwera, amene zaka zisanu m'mbuyomo anali mdani wawo pa mpikisano. Mu 2020 a Atupele Muluzi anaima ngati wachiwiri kwa a Mutharika, pomwe a Chakwera, a Chilima ndi Amayi anali pamodzi mu mgwirizano wa Tonse. Sindikuwadzudzula pa zimenezi. Ndale zimafuna kuti anthu otsutsana azitha kukhala pansi n'kugwirizana, ndipo dziko limene atsogoleri ake sangathe kutero limathera m'mwazi. Chimene chimandiwawa n'chakuti iwo amadziwa kusiya khomo lotsegula, pomwe wovota wa kumudzi, amene sadzalowa n'komwe m'zipinda zimene amagwirizaniranamo, amatseka lake ndi misomali.

Pali chinanso chimene msodziyu anachiphonya chifukwa cha lumbiro lake. Mu 2018 kunali kalembera watsopano wogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, moti chiphaso chimene anawotcha chija sichikanamuletsa kuvota. Anakana yekha. Ankati mavoti amabedwa basi, palibe chimene munthu wamba angachite. Koma chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chinaonetsa kuti chilipo. A Mutharika atalengezedwa kuti apambana ndi mavoti oposa 38 pa 100 alionse, a Chakwera ndi a Chilima anapita ku khoti atanyamula mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasainidwa, ena olembedwa pa mafomu osayenera. Ena mwa mapepalawo anachokera kwa mamonitala, anthu wamba amene anakhala pa malo ovotera mpaka usiku, kuwerenga nawo ndi kusunga kope lawo. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anafafaniza chisankhocho, Khoti la Supreme n'kuvomereza mu Meyi, ndipo pa 23 Juni 2020 Amalawi anavotanso, a Chakwera n'kupambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Kuyambira pamenepo wopambana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti oposa theka. Amene anakaikira zotsatira n'kusunga pepala anasintha mbiri ya dziko. Amene anakaikira n'kutukwana mlamu wake anataya khoka.

Inu amene mukuwerenga, zotsatira zodabwitsa zidzakupezani ndithu, kaya pa chisankho chachikulu, kaya pa chapadera cha phungu kapena khansala. Anthu a DPP anadabwa mu Okutobala 2017 pomwe MCP inatenga mipando isanu mwa isanu ndi umodzi pa zisankho zapadera, kuphatikizapo Nsanje Lalanje, kuchigawo chimene ankachiyesa chawo. Masiku ano chiopsezo chakula, chifukwa doko lija lalowa m'foni. Gulu la pa WhatsApp limene muli anthu a chipani chanu okhaokha lidzakuuzani tsiku ndi tsiku kuti mwapambana kale, ndipo zotsatira zikadzabwera mosiyana, gulu lomwelo lidzakupatsani dzina la munthu woti mumude, kawirikawiri woyandikana naye nyumba. Usiku umenewo musalankhule pagulu, musachotse munthu ntchito, musalumbire. Ngati mukukhulupirira kuti pachitika chinyengo, funsani monitala wa chipani chanu kuti pepala la pa malo anu ovotera likuti chiyani, ndipo ngati manambala akusiyana ndi olengezedwa, kumeneko ndiye kopita ndi mkwiyo wanu. Ngati sakusiyana, ndiye kuti anthu amene mumapemphera nawo, kugula nawo pa msika wa Govala ndi kuika nawo maliro anaona zinthu mosiyana ndi inu, ndipo anali ndi zifukwa zawo monga inu munali ndi zanu.

Pa 16 Sepitembala 2025 Amalawi anavotanso. A Mutharika anabwerera pa mpando ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Chakwera anapeza 33 ndipo anavomereza kugonja MEC isanalengeze n'komwe. Wachiwiri wa a Mutharika anali Mayi Jane Ansah, amene ankatsogolera MEC pa chisankho chofafanizidwa chija. Mayi Joyce Banda anaimanso, ndipo sanafike pa mavoti awiri pa 100 alionse. Msodzi uja sanavote. Anamvera zotsatira pa foni ya mnyamata amene amakoka naye khoka, n'kungoti, "Ndinanena ine, onsewa ndi amodzi."

Apongozi ake atamwalira, anabwerera kumudzi, poti maliro sathawidwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo amagona m'nyumba mwake. Iye ndi mlamu wake amapatsana moni akakumana pa njira, koma kupepesa kumene mfumu inanena sikunachitikebe. Mwana wake wamkazi atasankhidwa kupita ku sekondale, fizi ya teremu yoyamba inachokera kwa amalume ake, ndipo amene anapita kukapempha anali mayi wa mwanayo, usiku, bambo ake ali kunyanja.